Malamba Omasula

Loweruka, 10 Juni 2006

Foni inalira ndili pa msika wa Woolwich, therere lili m'manja, ndisanalipire. Mawu a mkazi, ofatsa mopitirira muyeso. Kodi ndine mkazi wa Rowland Matewere? Ndili kuti? Ndingabwerere kunyumba? Pakhomo panga pali apolisi awiri akundidikira. Nthawi yomweyo mu bala ya pakona munaphulika chimkokomo cha oonera mpira, England yagoletsa. Ndinabweza therere lija pamalo pake bwinobwino, ngati kuti chofunika chinali chimenecho.

Ndege yagwa m'munda wa tirigu kumpoto kwa London, pafupi ndi kabwalo kawo ka ndege. Rowland wafera pomwepo. Munthu amene anamunyamula pampando wakumbuyo ali moyo, ali m'chipatala ku Edmonton.

Anachoka m'mawa ine ndili m'bafa. Anagogoda pachitseko: "Ndapita kwa mkazi mnzako." Ndi mmene tinkaitchulira ndege ija, nkhalamba ya m'nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene inkandilanda mwamuna Loweruka lililonse. Ine ndinangokuwa kuti pobwera agule mkaka.

Lamulungu, 11 Juni

Mipando yonse ya pabalaza aitulutsa, yaunjikidwa m'khonde. Andiyalira matiresi pakona. Alamu anga a Joyce, mlongo wake wa Rowland, ndiwo atenga ulamuliro wa nyumba. Azimayi a kutchalitchi akuimba mosinthana. Azibambo ali m'khitchini, mpira uli pa TV, mawu atatseka, ndipo akuganiza kuti sindikudziwa. Mwana wathu Chelsea wafika kuchokera kusukulu ku Leeds, sanavule ngakhale jekete.

Masana kunabwera Adrian, mwini ndege. Mzungu wamtali, maluwa m'manja, osadziwa poponda pakati pa miyendo ya azimayi. Anagwada pafupi nane n'kunong'ona m'Chingerezi: "Vera, palibe amene angamuimbe mlandu. Aliyense akanachita zomwezo."

Zomwezo ziti?

Anayang'ana maluwa ake. Akuti opulumutsa anapeza denga la galasi la pampando wa Rowland lili lotsegula, malamba ake onse omasula. Nkhalamba imene anainyamula kumbuyo ija inali yomangidwa bwinobwino, n'chifukwa chake yapulumuka. Rowland anamenyetsa mutu kutsogolo.

Sindinamufunse zimenezi. Anabwera nazo yekha, tsiku lachiwiri la maliro. Chifukwa chiyani?

Lolemba, 12 Juni

Mkaka watha. Ndalira chifukwa cha mkaka mpaka azimayi anayambitsa nyimbo.

Lachiwiri, 13 Juni

Wina wasiya nyuzipepala pamwamba pa firiji, yopindidwa mwadala kuti tsamba lija lionekere. Woyendetsa ndege "akuoneka kuti anayesa kudumpha ndi parachuti". Wokwera, a Maurice, nkhalamba imene inkakonza ndege zoterezi nthawi ya nkhondo, ana awo anawagulira ulendowu ngati mphatso ya tsiku lobadwa. Nkhaniyo akuti yachokera kwa "munthu wodziwa za gululo". Gulu lake, la ouluka ndi ndege ija, la anthu angati? Onse akhoza kukwana m'khitchini mwangamu.

Ndiye ndi zimenezo. Mwamuna wanga anafuna kuthawa, kusiya gogo wa eni ake m'mwamba.

Ndikupita kubafa ndinamva m'khonde, kuseri kwa mipando:

"Moyo ndi wokoma, asisi. Inu simukanadumpha?"

"Koma kusiya munthu wamkulu?"

Kenako mawu a Joyce: "Mchimwene wangayo, tili ana, galu akangouwa iye anali kale pamwamba pa mpanda. Ine pansi." Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wangolira kumene. Atandiona anafunsa ngati ndikufuna tiyi.

Ndi ndani anapinda nyuzipepala ija? Ndakhala ndikuyang'ana manja a aliyense.

Lachitatu, 14 Juni

Amalume ake a Rowland, a Lasten, abwera kuchokera ku Croydon, suti yakuda m'kutentha konseku. Ndiwo mwini mbumba. Thupi akuti atipatsa sabata yamawa, maliro Loweruka pa 24. Anauza azimayi kuti atipatse mpata, n'kukhala pa kampando ka piyano ka Chelsea.

"Mayi a Chelsea, mbiri ndiwerenga ndine."

"Inde, amalume."

"Kubadwira ku Zomba, ndili nazo. Kuthawa ndi makolo ake, kudzera ku Lusaka, ndinali pomwepo, ndinamubereka kumsana ndine. Sukulu, uinjiniya, ukwati wanu, zonsezo n'zosavuta. Koma pa imfa ndinenepo chiyani?"

Anadziyankha okha.

"Pamaso pa bokosi sitinama. Ndiye ndingoti anatisiya pa ngozi, n'kukhala pansi."

Ndikudziwa tanthauzo lake. Ndakhala pa maliro ambiri muno. Munthu akafa bwino, wowerenga mbiri amachedwa pa imfa: anadwala liti, anamudwazika ndani, mawu ake omaliza. Akangoti "ngozi" n'kukhala pansi msanga, tchalitchi chonse chimayang'ana nsapato. Anatero pa maliro a mnyamata uja wa ku Plumstead amene anayendetsa galimoto ataledzera, ndipo mpaka lero mayi ake amakhala kumbuyo. Chelsea adzakhala kutsogolo, adzamva kufupika kwake. Chichewa sayankhula koma amamva chilichonse, makamaka chimene sichinanenedwe.

Ndinati, "Amalume, mundipatse masiku."

"Masiku alipo. Koma mundibweretsere choona, osati chokoma."

Lachinayi, 15 Juni

Wamasiye satuluka m'nyumba maliro asanaikidwe. Ndinauza a Joyce kuti andiitana kukasaina mapepala. Anandiyang'ana nsapato, zinali zanga zoyendera. Ndinapita kuntchito, kulaibulale, ndinalowera khomo lakumbuyo n'kutsikira kuchipinda chapansi kumene timasunga mabuku osabwerekedwa.

Zaka zonsezi ndawerenga za anamgumi, za mafumu a ku Russia, za njuchi, za chilichonse. Za ndege ayi. Ndinkachita dala. Rowland akayamba kufotokoza patebulo, manja ali m'mwamba, ine ndinkatolera mbale.

Nazi zimene ndaphunzira. Ndege ikachepetsa liwiro kwambiri, phiko limodzi limaleka kuinyamula, ndiye imagwa ikuzungulira ngati nguli, mphuno pansi. Oyendetsa ndege amati sipini. Mankhwala ake mabuku onse akugwirizana: tseka mafuta, ponda mwamphamvu chopondera cha mbali imene sikuzungulirako, kankhira ndodo yoyendetsera kutsogolo, dikira. Palibe buku limene likuti masula malamba.

Koma pali sipini ina yoipa. Kumchira kukalemera, mphuno imadzuka, ndege n'kumagwa chogona, ikuzungulira ngati lichero loponyedwa. Mphepo siifikanso bwino pa chiwongolero. Upondereze, ukankhe, ndege siimva. Pamenepo ndi pomwe akale aja ankayesa zachilendo. Wina anatsitsa matayala. Wina ankapatsa injini moto n'kutseka, kupatsa n'kutseka, mpaka ndege inagwedezeka. Wina anangosiya ndodo n'kupinda manja. Ndipo awiri kapena atatu, m'mabuku osiyana, akuti anatsegula denga n'kumasula malamba, n'kudziponya kutsogolo kuti thupi lawo lilemeretse mphuno.

Ndinatsala pang'ono kuthamangira ku Croydon buku lili m'manja.

Kenako ndinawerenga bwino. Mmodzi mwa iwo akuvomera poyera kuti iye sankapulumutsa ndege. Ankatuluka. Anatsegula denga, anaimirira kuti adumphe, ndipo ndege inangoweramitsa mphuno yokha n'kusiya kuzungulira. Anakhalanso pansi mwamanyazi n'kuiyendetsa mpaka kwawo.

Ndiye wolimba mtima ndi wothawa amachita zofanana. Denga lotsegula, malamba omasula. Ukawapeza m'munda sungawasiyanitse.

Lachisanu, 16 Juni

Ndayamba kufufuza mwamuna wanga ngati wakuba. Tsiku lija basi inatsala pang'ono kutigunda ku Lewisham, anandikoka kapena anadumpha yekha? Ndikukumbukira dzanja pamkono panga. Kapena ndikulipanga lero dzanjalo?

Anali munthu woopa agalu, madokotala a mano ndi mlongo wake. Zimenezo n'zoona.

Loweruka, 17 Juni

Chelsea anandiyendetsa pa galimoto ya bambo ake kupita kumunda kuja. A Joyce ndinawauza zoona ulendo uno. Anati, "Chitani zimene mukufuna, alamu, inu ndi ophunzira."

Ndege anaichotsa kale, ofufuza za ngozi anaitenga. Chatsala ndi chipsera m'tirigu, chachitali, chowongoka ngati msewu, kukathera pa ngalande. Ndinaima n'kuchiyang'ana. Lichero likagwa limagwera malo amodzi. Ichi chinakwawa. Ndiye kuti pofika pansi ndege inali itasiya kuzungulira, inali ikuuluka, kungoti kumwamba kunaithera. Chelsea anandigwira mkono, akuyembekeza kuti ndinene kanthu. Ndinabwerera ku galimoto. Munthu wa m'buku uja nayenso ndege yake inawongoka.

Ku kabwalo tinapeza Adrian akutseka shedi. Ndinakumbukira chinthu chimodzi. Rowland nthawi zina ankabwera ndi zidutswa za mtovu m'buti ya galimoto, zolemera ngati mwana. Ankati akamauluka yekha amazimangirira kumchira kuti ndege ikhale bwino, koma kumbuyo kukakhala munthu zimayenera kuchotsedwa, chifukwa munthuyo ndiye mtovu.

Ndinafunsa: "Adrian, mtovu unachotsedwa?"

Makiyi anagwa. Anawatola pang'onopang'ono. Akuti zimenezo adzanena ndi ofufuza, mwina chaka chamawa. Akuti ntchito yochotsa ndi ya woyendetsa. Kenako akuti nthawi zina amachotsa iye, akafika msanga. Tsiku limenelo anafika msanga? Sakukumbukira.

Ndiye anati, mwaulemu wake wonse uja, ndi bwino ndisapite kuchipatala. Banja la a Maurice lakwiya, maloya alowererapo, ndingodzipweteka.

Pobwerera Chelsea anatsegula buti. Munali jekete ndi nsapato za matope. Mtovu munalibe. Izi sizikutanthauza kanthu, akhoza kuti anausiya m'shedi. Koma nkhani ya munthu wakuda amene anachita mantha ndi yosavuta kuimeza, ndipo aliyense akamatafuna imeneyo palibe akufunsa za kumchira.

Kapena ndikumunamizira Adrian. Analira pa matiresi panga, misozi yeniyeni. Masiku ano ngakhale misozi ndikumaiyeza.

Lamulungu, 18 Juni

Tsiku la abambo kuno. Masitolo onse makadi. Chelsea anabwera kudzagona pamiyendo panga masana, mtsikana wamkulu chonchi, n'kufunsa m'Chingerezi chake, nkhope itabisika m'chitenje: "Mum, anamusiyadi?"

Ndinati ayi. Anamva kuti ndayankha msanga kwambiri.

Lachiwiri, 20 Juni

A Lasten aimba foni. "Mayi a Chelsea, pepala langa lili ndi malo opanda kanthu kumunsi." Ndati mawa.

Lachitatu, 21 Juni

Sitima mpaka m'tauni, ina mpaka Edmonton, kenako basi. Ndinavala zakuda, mpango kumutu. Njira yonse ndinkakonza mawu opepesa, ngati wathyola miyendo ya munthu ndine.

Kuchipatala, pakhomo la wodi panali mwana wa a Maurice, Harry, bambo wonenepa wa nkhope yofiira. Nditangotchula dzina langa anaimirira kutseka njira. Akuti ndilibe manyazi? Akuti bambo ake angotuluka kumene m'chipinda cha odwala kwambiri. Ndinali nditatembenuka kale pamene mawu anatuluka kuseri kwa katani, ofooka koma aukali:

"Harry, ndi mkazi wa payiloti ameneyo? Chitsiru iwe, ndakhala ndikumufunsa kuyambira Lolemba. Mulowetse, ndipo upite ukagule tiyi."

Kankhalamba kakang'ono, miyendo yonse m'pulasitala, maso owala ngati a mbalame. Ana awo sanawauze za nyuzipepala. Nditawauza ine anatukwana mawu amene sindilemba muno.

Akuti ndiwo anapempha Rowland kuti aigudubuze ndege m'mwamba kamodzi kokha, monga ankachitira anyamata a nthawi yawo. Pamwamba pa kugudubuzako ndege inazembera n'kuyamba kuzungulira, kenako inagona. Rowland anawayankhula m'mahedifoni, mawu odekha ngati akuitanitsa chakudya: musakhudze kanthu, mangitsani malamba. Anayesa za m'buku. Anayesa injini. Kenako anawafunsa ngati angathe kudumpha. "Ndinamuuza kuti mwana wanga, ine kutuluka m'bafa amandithandiza anthu awiri." Ndiye Rowland anati chabwino, tikhala tonse.

Ndinati, "Bambo, munali kumbuyo. Munaona denga likutseguka, munthu akudzuka pampando. Mukudziwa bwanji kuti sankatuluka?"

Anandiyang'anitsitsa. Ndinaganiza kuti akwiya.

"Mayi, ndege imene ija ili ndi zoyendetsera ziwiri, zolumikizana. Akaponda kutsogolo, chopondera changa chimayenda. Akakankha ndodo, yanga imapita. Munthu wodumpha amachotsa mapazi, zonse zimakhala lendelende. Changa chakumanja chinali pansi, chouma ngati achikhomera ndi msomali, ndodo ili kutsogolo kwenikweni. Anaigonera ndi chifuwa, mutu uli pagalasi lakutsogolo, phazi lili pomwepo. Mpaka mphuno inagwa. Ndiye anabwerera pampando n'kukoka ndodo, ndipo tinali kale pa tirigu. Yomanganso malamba nthawi panalibe. Manja anali ndi ntchito."

Ndinkafuna kukhulupirira. Koma mutu wanga wa masiku ano unati: nkhalamba yachifundo, ili pa mankhwala, yaona mkazi wovala zakuda. Ikanati chiyani?

Mwina anaziona pankhope panga. Anati, "Ndipo sanazule waya wa mahedifoni, ndinkamumva. Sankayankhula ndi ine. Ankanena mawu amodzi mobwerezabwereza, si Chingerezi. Ndakhala ndikuwasunga kuti ndikufunseni." Anatseka maso n'kuwatchula mosamala, ndi lilime lake lolemera la ku London:

"Werama. Werama. Werama, mama."

Ndinagwira chitsulo cha bedi.

Za mtovu ndinafunsanso. Akuti iwo anafika ndege ili kale panja, sanaone aliyense akutsegula kumchira. Sakudziwa. Harry anabwera ndi tiyi wa anthu awiri, n'kundipatsa wake osandiyang'ana.

Lachinayi, 22 Juni

A Lasten anabwera ndi pepala lawo. Ndinawafotokozera zonse pabalaza, a Joyce atakhala pakhomo ngati sakumvetsera. Za lichero, za zopondera zolumikizana. A Lasten anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mayi a Chelsea, mzungu wachikulire akhoza kukunamizani mwachifundo. Amatero anthu abwino."

Ndinati ndinaganizanso choncho. Ndiye ndinawauza mawu aja.

A Joyce anatulutsa kamawu ngati apondedwa. "Amayi," anatero. "Amayi ankatero potisambitsa kumutu, m'besini, ku Lusaka. Iye ankaopa sopo m'maso, ankaumitsa khosi. Werama, werama." Anakhala pansi pomwepo pakhomo, miyendo tambalale, n'kulira kulira kumene sanalire masiku onsewa. Pakati pake anati, "Pampanda paja ankanditambasulira dzanja, alamu. Ndinkalephera kukwera ndine. Chimenecho sindinanene."

A Lasten anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Anapempha cholembera. "Chopondera chija mwati chakumanja?"

Loweruka, 24 Juni

Tamuika.

A Lasten anafika pa imfa ndipo sanakhale pansi. Anafotokoza sipini kwa tchalitchi chonse, dzanja lili m'mwamba likuzungulira, ndendende mmene Rowland ankachitira patebulo ine ndikutolera mbale. Analakwitsa zina, mchira anautcha matako, anthu anaseka m'misozi. Anati mwana wa mlongo wawo atasowa katundu woti alemeretse mphuno, anapereka thupi lake. Anabwereza m'Chingerezi chifukwa cha Chelsea, ngakhale anali atamva kale. Harry anali kumbuyo, taye yakuda, atatumidwa ndi bambo ake. Adrian anakhala mbali ina yekha. Pamanda anandipatsa dzanja, ndinalilandira. Sitinayang'anane.

Mipando yabwerera pabalaza. Azimayi apita, a Joyce atsala mpaka Lolemba.

Mtovu uja sindikudziwa amene anauiwala. Akhoza kukhala Adrian, akhoza kukhala Rowland, ndipo ofufuza akadzalemba ndidzawerenga ndekha mpaka kumapeto. Chimene ndili nacho lero ndi phazi lake pa chopondera, nsapato za matope m'buti, ndi mwana amene wakhala kutsogolo m'tchalitchi mutu uli chilili.